Ndinkaopa Kutsika Masitepe ndi Mwana Wanga

1

Tsiku limene ndinatsika masitepe a nyumba yathu ndi matako, mwana nditamumanga pachifuwa, msewu wonse unasiya ntchito n'kumandionerera. Wokonza matayala anaimirira, mpope uli m'manja. Mayi wa pagolosale ya pansi pathu anaitana mnzake kuti adzaone. Sindinamve zimene ankanena, koma ndinaziona, chifukwa ine mawu ndimawaona ndi maso.

Ndine wosamva. Makutu anatseka ndili mtsikana wa kupulaimale, nditadwala matenda oumitsa khosi. Kulankhula ndimatha, koma ndinasiya kalekale. Mawu anga amatuluka mokhota, nthawi zina mokuwa, ndipo ndinatopa kuona anthu akubisa chiseko m'manja. Ndimalankhula ndi manja komanso ndimawerenga milomo. Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi mu saluni, ndiye pa milomo musandiyese. Kasitomala amakhala chondifulatira, koma pagalasi pakamwa pake pamakhala poyera. Azimayi ambiri adyera miseche pamaso panga poganiza kuti gonthi ndi chipupa. Ndikanakhala wa pakamwa, mabanja angapo akanatha.

Choncho ndinamuona bwinobwino mayi wa pagolosale uja akuuza mnzake kuti, "Mutu wayamba kuzungulira uyu. Mwanayo amulande asanamuphe."

Ndinafika pansi diresi ili fumbi lokhalokha. Chimene chinandiopsa kwambiri si mawu ake ayi. Chinandiopsa n'chakuti inenso ndinkaganiza zomwezo.

2

Amuna anga amakonza mafiriji. Dazi linawayamba akadali anyamata, ndiye dzina lawo la manja ndi kusisita pamutu, ndipo ine ndimangoti a Dazi. Iwo amamva bwinobwino. Chinenero chamanja anaphunzira chifukwa cha ine, ndipo poyamba manja awo ankalemera ngati anyamula firiji, koma anaumirira mpaka ndinawalola. Anandiuza kuti mayi awo anamwalira iwo ali khanda, ndipo anawalera ndi achemwali awo. Alamu angawa manja sanaphunzire. Akamalankhula nane amayasamula kwambiri ngati ali kwa dokotala wa mano.

Mimba itayamba kuoneka, alamu anabwera kudzandiona. Anandigwira pamimba, anamwetulira, kenako anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Zonse n'zabwino, koma akadzalira adzamva ndani?"

Funso limenelo linandilowa ngati minga. Ndinayamba kusowa tulo mwana asanabadwe n'komwe. Atabadwa, kamtsikana kokongola kokhala ndi tsitsi loposa la bambo ake, ndinkagona dzanja lili pachifuwa pake kuti akalira ndimve kunjenjemera. Kugona kwake kunali kwa dzina chabe. Ndikangoti tseke maso, ndinkadzidzimuka poganiza kuti wasiya kupuma.

Kenako panabwera chinthu china chimene ndikuchita nacho manyazi ngakhale pano. Timakhala m'chipinda cha pamwamba, masitepe ake achitsulo, ali panja. Tsiku lina nditaima pamwamba pake mwana ali m'manja, m'mutu mwanga ndinaona manja anga akutseguka. Ndinaona mwana akugwa, sitepe ndi sitepe. Ndinabwerera m'nyumba ndikusanza. Mulungu ndi mboni, sindinkafuna. Koma chithunzicho chinkabwera chokha, ndipo ndikamachithamangitsa m'pamene chinkabwera ndi anzake. Ndikaona beseni la madzi, ndinkaona mwana atamira. Ndikaona mpeni, ndinkaubisa pamwamba pa kabati. Ndinasiya kumusambitsa. Ndinasiya kupita ku saluni. Ndinkaopa manja anga, omwewa amene ndimalankhulira.

3

Kuchipatala cha m'dera mwathu ali ndi dongosolo labwino, ndisawanamizire. Mayi akapita kusikelo, kaya ndi woyembekezera kaya ndi wa khanda, akamaliza zoyezayeza amalowa m'kachipinda kuti anesi amufunse za mumtima. Akugona bwanji, akulira kodi, kunyumba kuli mtendere. Azibambo amatsala pabenchi panja kuti mayi amasuke.

Amayi onse ankalowa okha, kupatula ine. Chipatalacho chinalibe womasulira, ndipo anesi ankavala masiki tsiku lonse, moti kwa ine anali maso basi. Ndiye ndinkalowa ndi a Dazi. Ine ndinkalankhula ndi manja, iwo n'kutembenukira kwa anesi, kundipatsa nkhongo, n'kunena.

Ulendo woyamba ndinali ndi pakati. Ndinati sindikugona, mantha andichulukira. A Dazi ananena. Maso a anesi anamwetulira, ndipo anandikwezera chala chachikulu.

"Akuti zimachitika, zitha zokha," anatero a Dazi ndi manja.

Ulendo wachiwiri mwana anali atabadwa. Ndinalimba mtima ndipo ndinanena za masitepe. Ndinkayembekezera kuti anesi adumpha pampando. Koma analemba pang'ono, anandikwezeranso chala, n'kuitana wotsatira.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinalembe papepala. Mzere unali wofika pageti, ndiponso munthu uli ndi pakamwa pako pambali pako, ungavutikirenji? A Dazi anali pakamwa panga kubanki, kwa eni nyumba, ngakhale pokangana ndi kondakitala. Sindinawakayikirepo.

Ndinatuluka m'kachipindamo thupi litazizira. Ndinaganiza kuti ngati nesi wamva zoopsa chotere n'kundikwezera chala, ndiye kuti pali ziwiri. Mwina mankhwala a anthu ngati ine kulibe. Apo ayi, agwirizana kale zochita nane, akungodikira tsiku.

4

Nkhani yotsika ndi matako ija inayenda mofulumira. Tsikulo sopo anali atatha, a Dazi ali kuntchito, ndipo ndinaona kuti njira yokhayo yoti mwana asagwe ndi yakuti inenso ndikhale pansi. Dzuwa lisanapendeke, alamu anali atafika. Anabwera ndi chikwama chachikulu, ndipo momwe chinkapepukira m'manja mwawo ndinadziwa kuti mulibe kanthu. Anaitanitsa a Dazi kuchokera kuntchito.

Anakhala pampando moyang'anizana nane n'kuyamba kuyasamula kuja.

"Mlamu, mwatopa. Mwanayu ndimutenge kaye. Ndimugulira mkaka wa m'chitini. Mukachira mudzamutenga."

Ndinapukusa mutu n'kumukumbatira mwana mpaka anayamba kuphiriphitha.

"Mukumufinya! Mwaona zomwe ndikunenazi?" Anatembenukira kwa a Dazi. "Iwe, lankhula naye mkazi wakoyu. Wangoti duu ngati mlendo bwanji?"

A Dazi ankayang'ana pansi. "Achemwali, tiyeni tidikire. Zitha izi."

"Zitha? Iwe ukudziwa zimene zinachitika. Ukufuna zibwerezenso?"

A Dazi anadzidzimuka, anandiyang'ana, ndipo anawakokera achemwali awo pakhomo. Onse awiri anandifulatira. M'nyumba mwathu limeneli linali lamulo lalikulu, lakuti palibe kundifulatira polankhula, ndipo a Dazi anali asanaliswepo. Ndinkangoona mapewa akukwera ndi kutsika.

Atabwerera, a Dazi anandiuza ndi manja ofooka kuti mawa tipita kusikelo, ndipo tikabwerako achemwali adzabweranso kuti tikambirane.

"Zimene zinachitika ndi ziti?" ndinawafunsa.

"Palibe. Nkhani zakale."

Alamu anachoka, koma chikwama anachisiya pakona. Tsiku lonse ndinkachiyang'ana ngati njoka yalowa m'nyumba.

5

M'mawa mwake tinapeza kachipinda kaja akukapaka penti. Anatilowetsa m'chipinda china chosungiramo mankhwala, momwe kumbuyo kwa anesi kunali kabati yaitali ya zitseko zagalasi.

Ndinali nditatsimikiza mtima kuti lero ndikhuthula zonse, zivute zitani. Ndinanena za masitepe, za beseni, za mpeni. Ndinati ndikuopa kuti ndipweteka mwana wanga, ndipo ndikuopanso kuti andilanda. Ndinati ndithandizeni, chonde, ndikumira. Misozi inkagwera pamutu pa mwana.

A Dazi anatembenuka monga mwa nthawi zonse. Ine, mwa chizolowezi cha ku saluni, maso anga anapita pagalasi. Nkhope yawo inali pomwepo, pakati pa mabotolo, pakamwa pali poyera.

"Akuti ali bwino, anesi. Akudya, akugona, mwana akuyamwa. Misoziyi ndi kutopa basi."

Ndinachita ngati andithira madzi ozizira. Anesi analemba, anandisisita paphewa, n'kukweza chala chija. A Dazi anabwerera kwa ine, nkhope ili bwinobwino.

"Akuti zitha. Tiye."

Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Miyezi yonseyi ndinkakuwa, koma kukuwa kwanga kunkathera pakamwa pa mwamuna wanga. Anesi sanali ouma mtima, sanamve kanthu. Ndinayenda m'khonde la chipatala ngati woledzera, maganizo akuthamanga. Kodi akufuna ndipengeretu kuti achemwali awo atenge mwana popanda mlandu? Kodi pali mkazi wina, wa makutu, amene akudikira? Munthu amene ndimagona naye bedi limodzi ndinamuopa tsiku limenelo kuposa masitepe.

6

Kuseri kwa chipatala kuli mpopi ndi kabenchi kothyoka mwendo. Ndinawakokera kumeneko ndi malaya. Mwana ndinamubereka kumbuyo kuti manja amasuke, chifukwa ndewu yanga imafuna manja onse awiri.

"Ndakuonani pagalasi."

Anayamba kusisita dazi lawo.

"Mwati ndili bwino. Ndili bwino ine? Tandiyang'anani! Mukufuna mundilande mwana, inu ndi achemwali anu?"

"Ayi!" Anamenya manja mwamphamvu. "Ayi, mayi a mwana. Ndimafuna asakulande."

"Ndiye mukundinamizira chifukwa chiyani?"

Anakhala pabenchi paja. Kenako anakweza manja.

"Mayi anga sanamwalire ndili khanda. Ndinakunamiza."

Ndinawauza ndi dzanja kuti apitirize.

"Atandibereka anayamba kulira osasiya. Ankaopa kundigwira. Tsiku lina anauza azakhali kuti akuona zinthu zoopsa m'mutu, ngati zako zomwezi. Ananena zoona, poganiza kuti awathandiza. Abale anakhala pansi n'kugamula kuti ndi amisala. Anandichotsa pabere, mayiwo n'kuwabweza kwawo. Achemwali anali kamtsikana ka sukulu, ndipo ndi amene anawapatsa khandalo. Sukulu inathera pomwepo."

"Nanga mayi?"

"Ankabwera. Ankaima kunja kwa mpanda wa sukulu yathu, atanyamula kathumba ka maswiti. Anzanga ankati, taona wamisala uja wabwera. Ine ndinkathawa nawo limodzi, ndikuseka. Ndinadziwa kuti ndi mayi anga tsiku la maliro awo."

Anapukuta nkhope ndi malaya.

"Tsiku lija unandiuza za masitepe, ndinaona zonse zikubwerera. Ndinati, amayi anali ndi makutu ndi pakamwa, koma anawalanda. Nanga uyu wosamva, amene anthu amamukayikira kale? Akangolemba m'buku mwawo, basi, kwatha. Ndinati ndibisa, ndizimusambitsa ndekha mwana, zidutsa."

Mkwiyo wanga sunathe, ndisaname. Koma pansi pake ndinaona kamnyamata kakuthawa pampanda wa sukulu.

"Mwanditsekera m'chipinda ndekhandekha ndi zinthu zimenezi," ndinatero. "Munali ndi mantha, ndamva. Koma mawuwo anali anga, sanali anu."

"Tikanena, akatilanda?"

"Tikapanda kunena, achemwali anu amutenga lero lomwe. Dzukani."

7

Tinabwerera pamzere. Nthawi yathu itakwana, ndinawaloza a Dazi benchi la azibambo. Ndinalowa ndekha n'kutseka chitseko.

Panali patapita zaka ndisanatulutse mawu pamaso pa mlendo. Sindikudziwa kuti anamveka bwanji, koma ndinaona anesi akudzidzimuka mpaka cholembera chinagwa.

"Chotsani masiki. Sindili bwino."

Anayang'ana kukhomo, anandiyang'ana ine. Kenako anakankhira mpando kumbuyo pang'ono n'kutsitsa masiki ija. Anali mayi wachikulire ndithu, wa milomo yosavuta kuwerenga.

"Nenani, mayi. Ndikumva."

Ndinanena. Pamene lilime linkakana, ndinkalemba kuseri kwa katoni ya mankhwala. Nditafika pa masitepe, ndinamugwira mwana mwamphamvu, maso ali pachitseko, kudikira kuti aitane alonda.

Sanaitane munthu. Anandifunsa pang'onopang'ono kuti, "Zithunzi zimenezi zikabwera, mumafuna kuzichita, kapena zimakuopsani?"

"Zimandiopsa. Ndimasanza nazo."

Anafunsanso zina zambiri, ngati ndinaganizapo zodzipweteka ndekha, ngati ndimadya, ngati pali amene amandimenya. Kenako anandigwira dzanja.

"Mayi, si inu woyamba kundiuza zimenezi pampando umenewo. Ndi matenda a nkhawa amene amagwira amayi ambiri akakhala ndi pakati kapena akangobereka. Amachizika. Si misala, ndipo si kuipa mtima. Tikuonetsani kwa dokotala lero lomwe."

"Mundilanda mwana?"

"Ayi. Tikufuna muchire muli naye." Kenako anati, "Ndipo mutikhululukire. Amayi onse timawafunsa paokha. Inu timakufunsani kudzera mwa amuna anu, ndipo sindinaganizepo kuti n'kulakwa."

Anaimba foni kuchipatala chachikulu, ndipo patapita nthawi pafonipo panatuluka nkhope ya mtsikana wodziwa chinenero chamanja. Iyeyo ndi amene anandimasulira kwa dokotala. Sankandidziwa, sankandikonda, sankandiopera kanthu, ndiye mawu anga ankawafikitsa momwe analili. Ndinalira ngati mwana.

8

Titafika kunyumba tinapeza alamu atakhala pamasitepe. A Dazi anafuna kuyamba, koma ndinawaletsa. Mawu ndinali nditawatulutsa kale kamodzi, kachiwiri sikukanavuta.

"Alamu, za amayi ndazimva."

Nkhope yawo inagwa. Anamuyang'ana mlongo wawo, kenako ine. Kwa nthawi yoyamba analankhula nane osayasamula.

"Ndinali mwana, mlamu. Anangondipatsa khanda n'kunena kuti mayi ako apenga. Palibe anandifunsa. Nditamva kuti mwatsika ndi matako, ndinati bola ndimutenge ndekha abale asanasonkhane."

"Mwana sapita kulikonse. Dokotala wati ndikufunika munthu woti azimugwira masana kuti ine ndigoneko. Ngati mukufuna kuthandiza, bwerani kuno."

Alamu analowa m'nyumba. Anatenga chikwama chawo n'kumapita. Mawa lake anabwera nacho chodzaza ndi zovala zawo, ndipo anakhala nafe mpaka mwana atayamba kukwawa. Tinkakangana tsiku ndi tsiku za kapindidwe ka matewera, koma ndinkagona.

Sindinachire tsiku limodzi. Ndinkamwa mankhwala amene dokotala anati sasokoneza kuyamwitsa, ndipo ndinkapita kukacheza ndi mlangizi, mtsikana wa pafoni uja akumasulira. Zithunzi zija zinayamba kubwera patalipatali, kenako zinafooka. Nthawi zina zimabwerabe, koma tsopano ndimazidziwa kuti ndi matenda, si ine. A Dazi ndinawakhululukira mochedwa. Kwa milungu ingapo ndinkawayankha ndi dzanja limodzi.

9

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi mkazi, mlamu kapena mwana wamkazi amene sangathe kudzilankhulira yekha kuchipatala. Mwina ndi wosamva ngati ine, mwina chinenero cha anesi sachidziwa, mwina ndi wamng'ono ndipo mumalowa naye inu n'kumamuyankhira. Ndikudziwa kuti mumatero chifukwa chomukonda. Koma chikondi chikagwidwa ndi mantha chimasefa mawu, ndipo amene amatsala m'sefa ndi omwe akanamupulumutsa. Tulukaniko kaye, mumusiye anene yekha. Ndipo inu a zipatala, mayi amene sangakumveni musamufunse za mumtima kudzera mwa munthu amene amagona naye nyumba imodzi. Mayi a amuna anga ananena zoona, koma panalibe wodziwa kuti ndi matenda. Ine ndinanena zoona pamalo pamene odziwa analipo, koma mawu anga sankafika.

Mwezi wathawu tinapitanso kusikelo. Nditamaliza, anesi aja anasuzumira panja n'kuitana a Dazi kuti alowe. Anatsitsa masiki kuti nanenso ndione.

"Nanga inu bambo, mumtima muli bwanji? Mukugona?"

A Dazi anaseka, anatsegula pakamwa kuti anene zija za masiku onse. Koma mawu sanatuluke. Anayesanso, zinakanika. Kenako anakweza manja n'kuyamba kulankhula ndi ine, misozi ikutsika. Anati sagona. Anati akatseka maso amaona mayi ataima pampanda ndi kathumba m'manja. Anati akuopa kuti mwana wawo adzakula n'kuwathawa momwe iwo anathawira mayi awo.

Anesi anandiyang'ana. "Akuti chiyani?"

A Dazi anandigwira mkono, maso akundipempha kuti ndichepetseko. Ndinawayang'ana, mwamuna wanga wa dazi, ndipo ndinawamvera chisoni chachikulu. Kenako ndinatembenukira kwa anesi, ndinatsegula pakamwa panga pokhota paja, ndipo ndinanena zonse, osasiyako ngakhale liwu limodzi.